Makapu a Mayi Iseri

Marnie Halvorsen ankafuna makapu okongola oti adzamwere tiyi paukwati wake, ndipo ankadziwa komwe anali: m'bokosi lokhoma lomwe bambo ake, a Dale, ankaletsa aliyense kulikhudza.

M'mawa wa pa 19 February, bambowo ali kunja kudulira mitengo ya maapozi, Marnie anathyola loko. Kukhitchini wailesi inkatchula zomwe zinachitika pa tsikuli m'mbiri ya dera lawo la Oregon, ku America. Inati mu 1942, pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kunasainidwa lamulo lomwe linachititsa kuti mabanja achijapani achotsedwe m'nyumba zawo n'kutsekeredwa m'misasa.

M'kapu imodzi munali kapepala: "Mutisungire mpaka tidzabwere. Haruko Iseri."

Marnie anathamangira kumunda.

"Bambo, si paja munkati agogo anagula makapuwa ku Portland?"

A Dale anayang'ana pansi. "Mayi Iseri, mmodzi wa Ajapani otsekeredwa aja, anabweradi nkhondo itatha. Anagogoda pakhomo pathu. Agogo ako aamuna anauza ana onse kuti akhale chete mpaka mayiwo atapita. Ine ndinali ndisanabadwe; mayi anga anandiululira atatsala pang'ono kumwalira."

"Ndiye zaka zonsezi mwangofungatira bokosi ngati nkhuku?"

"Ndikanabwezera ndani, mwanawe? Nanga anthu akamva adzati chiyani?"

Masana Marnie anawakokera kulaibulale. Mayi Odell, woyang'anira mabuku, anaphunzira kalasi limodzi ndi a Dale.

"Iwe Dale, imvi mbuu koma mantha a mwana wasukulu," anatero. "Mayina a anthu amene anatsekeredwa analembedwa, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowaona. Palinso mabungwe a mabanjawo omwe amathandiza kupeza adzukulu. Khala pansi, tilembe kalata."

Patatha milungu itatu, yankho litabwera, Marnie ndi bambo ake anaima pakhomo pa Joanne, mdzukulu wa Mayi Iseri, ku Gresham. A Dale ananyamula bokosi, n'kufotokoza zonse osabisa kanthu.

Joanne sanayambe ndi makapu. Anatenga kapepala kaja, n'kukawerenga kawiri.

"Ili ndi dzanja la agogo anga," anatero motsitsa mawu. "Mwachedwa kwambiri, bambo. Koma lowani, kunja kukuzizira."

Chinthu chimene munthu anakusungitsani chimakhalabe chake, ngakhale papite zaka makumi asanu ndi atatu. Tsiku lokumbukira mbiri likakuchititsani manyazi, musatseke wailesi. Funsani, fufuzani eni ake, ndipo bwezani.