Mbale Imene Inamudutsa Nelia

Nelia anayamba kuwonda mwana wake Tasha atangosiya kuyamwa. M'mimba munkafufuma, ankatsegula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo akasesa theka la bwalo ankakhala pansi kupuma. Pachipatala chaching'ono cha pafupi anamuyeza magazi katatu, koma kachilombo kamene anthu a pa Kalembo ankanong'onezana sikanapezeke. Anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, anamwanso owonjezera magazi. Thupi linkangothabe.

Mwamuna wake Noah anali ndi tiyirumu m'mbali mwa msewu, ndipo masikono ankaphika yekha. Tsiku lililonse ankapatula awiri ofewa kwambiri n'kubwera nawo kunyumba.

"Amake Tasha, idyani. Mukakana ndikauza abusa kuti mwayamba kusala kudya popanda chilolezo."

Nelia ankaseka n'kudya. Lachinayi ankabwera amayi a mpingo, patsogolo a Maness, mtsogoleri wawo, amenenso ankakonza mkate wa Mgonero wa Ambuye. Ankaimba, kupemphera, n'kusiya buledi, shuga ndi majarini. Kwa wodwala sapitako chimanjamanja, ndipo chimene amamutengera ndi buledi.

Chaka chachitatu, amayi ake a Nelia anabwera kudzamutenga kuti akamusamalire kwawo ku Nayuchi. Anakhalako masabata asanu ndi limodzi, akudya mpunga, chinangwa, maungu ndi nsomba za ku Chiuta. Anabwerako masaya atabwerera, akutunga madzi yekha. Mpingo wonse unayamika Mulungu. Koma pasanathe masabata awiri, matenda anayambiranso. Ena anati pali munthu pa Kalembo amene sakumufunira zabwino. Noah sanamvere zimenezo, anakwera minibasi ndi Nelia kupita kuchipatala cha ku Machinga.

Dokotala amene anawalandira, a Bilali, anawerenga kabuku ka kuchipatala tsamba ndi tsamba. Kenako anafunsa funso limene palibe anali atafunsapo.

"Amayi, ku Nayuchi m'mawa munkadya chiyani?"

"Chinangwa, kapena phala la mpunga."

"Nanga kuno?"

"Masikono a abambo akewa. Masana buledi wa tiyi."

A Bilali anaika cholembera pansi. Anati akukayikira matenda amene sapezekapezeka, ndipo anawalembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Anawachenjeza kuti asasiye buledi asanayezedwe, chifukwa zotsatira zikhoza kunama. Kumeneko anamutenga magazi, n'kumulowetsa kapaipi kakamera pakamwa, n'kudula kachidutswa kakang'ono ka m'matumbo. Patapita mwezi anabwereranso kwa a Bilali.

"Dzina lake ndi siliyaki," anatero a Bilali. "Mu tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni. Chikalowa m'mimba mwanu, thupi limayamba kumenyana ndi matumbo ake omwe, ndiye chakudya chimangodutsa osakupatsani mphamvu."

"Mankhwala ake ndi otani, adokotala?"

"Palibe piritsi. Mankhwala ake n'kusiya tirigu moyo wanu wonse. Buledi, masikono, mandasi, mabisiketi, chilichonse chimene mwalowa fulawa. Chimanga idyani, mpunga, mapira, chinangwa, mbatata, nyemba, zonsezi n'zanu."

Noah ankayang'ana manja ake. M'zikhadabo munali mutatsalira ufa woyera.

"Ndiye zaka zonsezi ineyo..."

"Simunkadziwa, bambo. Ifenso tinali tisanadziwe."

Nelia anakonza mpango wake. "Nanga kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo? Ka Mgonero."

"Za kutchalitchi sindizidziwa bwino, amayi, ine ndine wa kumzikiti. Koma matumbo anu sadziwa kuti mkatewo waupempherera ndani. Iyayi, ngakhale nyenyeswa."

Kunyumba Noah anachotsa fulawa yense. Akaweruka kutiyirumu ankasamba kaye n'kusintha malaya asanalowe m'nyumba. Patatha miyezi iwiri Nelia anali akulima. Koma amayi a mpingo sanawauze kanthu. Akanayambira pati kuwauza kuti mphatso zawo za chikondi ndizo zinkamudwalitsa? Ndipo mkhristu anganene bwanji ndi pakamwa pake kuti mkate wa patebulo la Ambuye umamuvulaza?

Linafika Lamulungu la Mgonero. Mumpingo mwawo, tsiku limeneli oyenera kudya amakhala mabenchi a kutsogolo, ndipo amene akulu a mpingo anawaimitsa chifukwa cha tchimo amatsalira kumbuyo. Nelia anakhala kutsogolo, monga ankachitira kuyambira ali mtsikana. Nyimbo inali yapansipansi. Mbale ya mkate inayenda dzanja ndi dzanja mpaka inafika pa iye. Anaigwira ndi manja awiri, anayang'ana tizidutswa toyerato, n'kupatsira mnzake. Chikhonso anachidutsitsa, poona kuti kumwa asanadye sikoyenera. Mayi amene anakhala pambali pake anamuyang'ana ndi diso la m'mbali.

Pofika Lachiwiri nkhani inali itafika pachitsime. Munthu amene sanaimitsidwe koma akudziletsa yekha, ndiye kuti mtima ukumutsutsa. Ena anakumbukira masabata aja a ku Nayuchi, kumene kumagona amalonda a ku Mozambique, n'kumagwedeza mitu.

Lachitatu masana a Maness anabwera okha, atanyamula buledi mu jumbo. Anakhala pamkeka, anapemphera mwachidule, n'kuyamba.

"Mwanawe, sindinabwere kudzaweruza. Ngati pali chimene chikukulemera, ndiuze ine akulu a mpingo asanakuitane. Palibe dzenje lakuya limene dzanja la Ambuye silingafikemo."

"Amayi, anthu akuti chiyani?"

"Anthu? Anthu akanakhala kuti amalima ndi pakamwa, bwenzi pa Kalembo palibe njala. Ine ndikufunsa iwe."

Nelia analowa m'nyumba, anatuluka ndi pepala la kuchipatala. Anafotokoza zonse, kuyambira funso la a Bilali mpaka kapaipi ka ku Blantyre. A Maness anamvetsera osamudula. Atamaliza, iwo anayang'ana jumbo ija pamkeka, n'kuikokera pang'onopang'ono kumbuyo kwawo.

"Lachinayi lililonse," anatero motsitsa mawu. "Ine patsogolo, nyimbo pakamwa, chokudwalitsa m'manja."

"Iyayi amayi, munkabweretsa chikondi. N'chifukwa chake ndinalephera kukuuzani."

"Ndiye unasankha kuti akutche wachigololo m'malo motikhumudwitsa ife?"

Nelia analira. "Zimenezo ndingapirire. Chimene chikundipweteka n'choti sindidzadyanso patebulo lija mpaka kufa. Ndinachira, koma ndili panja."

A Maness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Mkate uja amadula ndani? Si ine? Tiona."

Loweruka a Maness anakaonekera pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo, atapempha chilolezo kwa Nelia kuti afotokoze. Onse anamva chisoni, koma a Samson, mkulu wa mpingo wakale kuposa onse, anakhosomola.

"Pepani, amayi. Mkate ndi mkate. Chiyambire mpingo uno timagula buledi. Mukufuna tidye chigumu patebulo la Ambuye?"

"Abambo, buledi timagulayo amachokera kugolosale ya pamsewu, sachokera ku Yerusalemu. Ambuye wathu ananyema mkate umene anthu a kwawo ankadya. Ndipo ana a Israeli m'chipululu anadya chakudya chimene sankachidziwa n'komwe dzina lake, koma chinachokera kumwamba."

Abusa anapereka ganizo loti Nelia azikhala ndi kambale kakekake. A Maness anapukusa mutu.

"Abusa, amene adzanyamule kambaleko adzakhala atagwira buledi. Ndiponso mwana ameneyu anthu amuloza chala mokwanira. Kodi simutiphunzitsa inu nomwe kuti timadya mkate umodzi chifukwa ndife thupi limodzi?"

A Samson anatembenuza chipewa chawo kawiri pabondo.

"Mayi anga mpaka imfa yawo ankadya Mgonero wa madzi a malambe, nthawi imene vinyo ankasowa," anatero. "Sindinamvepo kuti anawabweza pachipata cha kumwamba. Koma amayi, chigumu chanucho chisakhale chonyenyeka. Tisamasese thupi la Ambuye ndi tsache."

Abusa analonjeza kukafunsa akuluakulu awo, ndipo patapita masabata atatu chilolezo chinabwera.

Ntchito inatsala inali ya mkatewo. Woyamba, wa ufa wa chimanga wokha, unanyenyeka ngati mchenga. Wachiwiri unauma moti a Maness anati ungathe kuphera mbalame. Ndipo anaitana Noah. Iye anabwera atasamba, ali ndi poto watsopano amene sanalowemo fulawa, ufa wa mpunga ndi wa chinangwa. Anasakaniza, analawa, anathira mafuta pang'ono, anaika makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Wachitatuwu unatuluka wofewa, ndipo mpeni unadutsa osasiya nyenyeswa.

"Bambo a Tasha, zaka zonsezi mumabisa luso lanu m'masikono," anatero a Maness.

"Ndili ndi mlandu woti ndikonze, amayi."

"Mlandu unakhululukidwa kale. Tsukani mpeniwo."

Pa Mgonero wotsatira, abusa asanapemphere anauza mpingo mwachidule kuti mkate wasintha, ndi chifukwa chake. Anatchula dzina la matendawo pang'onopang'ono kuti aliyense alimve. Anawonjezera kuti aliyense amene ananenapo za mlongo wawo zimene sankazidziwa, ayambe wakonza mtima wake asanatambasule dzanja. Anthu angapo m'mabenchimo anaweramitsa mitu.

Amene ananyamula mbale anali a Samson. Inayenda dzanja ndi dzanja, ndipo mayi uja wa diso la m'mbali ndiye anaipereka kwa Nelia. Sanaisiye msanga. Anaigwirabe mbali imodzi mpaka Nelia atatenga.

Nelia anatola kachidutswa kamodzi. Kanali kotuwirako, konunkhira mpunga ndi utsi wa makala pang'ono. Anakaika pakamwa, anatseka maso, n'kudya pamodzi ndi mpingo wonse.

Lachinayi lotsatira amayi a mpingo anabweranso kwa Nelia akuimba. A Maness anali patsogolo, atasenza lichero la mbatata.