Chingwe cha ku Indianapolis

Mwandida analota chitseko cha chipinda cha odwala chitatsegukira pabwalo la ndege. Iye anali namwino m'kamudzi kopanda msewu kumpoto kwenikweni kwa Alaska, komwe dzuwa linali litaleka kutuluka. Mwana wake, Ndaziona, anali woyembekezera kumzinda wakutali wa Indianapolis, masiku atakwana, koma ndege zinali zitasiya kubwera chifukwa cha mphepo.

M'malotomo ndege inalipo. Pakhomo pake panaima malemu mwamuna wa Mwandida, atavala jekete lomwe anawaika nalo m'manda, kumapazi kulibe nsapato.

"Bambo a Ndaziona," anatero Mwandida, "kuchokera pano kukafika kuli mwana, mtunda wake ndi wautali bwanji?"

"Sitinauyezepo, mayi. Timangoukoka. Lowani, mukhale cha pawindo."

Ndege inakwera pang'ono n'kuima m'malere, injini ili zii. Pawindo panalowa chingwe chofunda, chonyowa, chochokera kum'mwera. Mwandida anachigwira n'kuyamba kukoka, ndipo dziko pansipo linayamba kusendera kwa iye. Kunabwera nyanja youndana, kenako mapiri oyera, kenako nkhalango yomwe sinkafuna kutha. Akati apumeko, chingwe chinkaterereka, nkhalango n'kubwerera m'mbuyo.

Manja anatupa. Msana unkawotcha monga umachitira akagwira ntchito osakhala pansi. Anzake a m'ndegemo anali odwala ake omwe, atafunda mabulangete, akumuyang'ana mwaulemu.

"Simungandithandizeko?" anafunsa mwamuna wake.

"Mbali yanga ndinakoka kale," anayankha malemuwo. "Inathera pomwe munandisiya paja."

Mpando umene anakhalira unatsokomola. "Mayi," unatero, "ambiri amagona akafika pano. Sindikukukakamizani, ndangonena."

Mwandida anakulunga chingwe m'mkono n'kupitiriza, maso akulemera. Patapita nthawi pansi panaoneka minda ya chimanga yopanda malire, kenako misewu, kenako madenga. Ndege inagunda pang'onopang'ono khoma la chipatala n'kuima.

Windo la ndege linasanduka khomo. Mkatimo Ndaziona anali chigonere pabedi, thukuta lili kamukamu. Chingwe chija chinadutsa pakhomopo n'kukathera pamchombo wa khanda lomwe linagona chafufumimba, losalira.

"Mwafika, amayi," anatero Ndaziona. "Anamwino a kuno akuti mwanayu salira mpaka chingwechi mudule ndinu."

Mwandida anafuna kulowa, koma chingwe chonse chimene anakoka chinali chitaunjikana pamiyendo pake, cholemera ngati zovala zonyowa. Anangotha kutambasula dzanja. M'thumba la yunifolomu munali sizasi.

"Mukadula, zonse mwakokazi zibwerera m'malo mwake," anatero mwamuna wake kumbuyo. "Ndi inu nomwe."

"Ndimuone kaye nkhope."

"Nthawi imeneyo palibe, mayi. Inu ntchitoyi mumaidziwa."

Mwandida anayang'ana kamsana ka khandalo, kakuyamba kuda. Anadula.

Khanda linalira. Kulirako kunayamba pafupi, kenako kunatalikira, minda ikuthawa pansi, nkhalango, mapiri.

Anadzidzimuka ali pampando wa m'chipinda cha odwala, mphepo ikuwombabe pamalata. Patebulo foni inali kulira, dzina la Ndaziona likuwala. Dzanja limodzi linakanika kuinyamula. Anaitola ndi manja awiri.