Madayisi Osaponyedwa

Ndinawapeza atagwada pafupi ndi doko, amuna anga, munthu wa ndevu zake, akusefa mchenga ndi sefa yanga ya ufa. Sitima ya Ilala inali itaima patali monga mwa masiku onse, maboti akutula anthu ndi mitolo yawo, ndipo aliyense wotsika ankayamba waima kaye kuti aone chimene a Useni okonza mawailesi ataya.

"Ndi mphete?" anafunsa mayi wina atasenza dengu la usipa.

"Ndi dayisi, mayi," ndinayankha ine, mwana ali kumsana, manyazi atandigwira.

Mwini dayisiyo anali mzungu woonda wa tsitsi ngati khonje, mmodzi wa aja anayamba kuchuluka m'dziko muno matipate atabwera, oyenda ndi chikwama chachikulu kuposa iwo eni. A Useni anali atamukonzera kawailesi, ndipo m'malo molandira chimene anthu anzeru amalandira, anapempha kadayisi kamene anakaona m'thumba la mzunguyo. Popatsirana kanapulumuka n'kulowa mumchenga. Ndiye basi, sefa ya Maimuna ione zakuda.

Koma katapezeka, ine ndemwe ndinaiwala manyazi. Kanali kobiriwira ngati botolo, ndipo sikanali ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati madayisi a ludo. Kanali ndi mbali makumi awiri, iliyonse ndi nambala yake. Ndinakatembenuza m'manja n'kufunsa kuti masewera ofuna mbali zonsezo ndi otani. Mzungu uja anafotokoza ndi manja za mapanga, malupanga ndi zilombo zolavula moto, a Useni akugwedeza mutu ngati akumva. Sanamve kanthu. Anakulunga kadayisiko m'kampango, ndipo tikubwerera kunyumba ankayenda ngati munthu amene wabwera ku Haji.

Amuna anga anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza madayisi. Ena anatola m'maludo othyoka, ena m'masewera aja a njoka ndi makwerero. Inalipo ya fupa, yachikasu ngati dzino la nkhalamba, imene mkulu wina wa kwa Malengachanzi ankalumbira kuti inabwera ndi zombo za Aswahili. Kanalipo kena kofiira koonekera mkati, kakang'ono ngati mtedza. Chodabwitsa n'chakuti mwini chuma chonsechi sanaponyepo dayisi chibadwire. A shehe atawakumbutsa kuti njuga ndi haramu, iwo anayankha mwaulemu kuti dayisi yosaponyedwa ndi mwala chabe. Ankaayala pathonje m'chitinimo, iliyonse mbali ya madontho asanu ndi limodzi ili pamwamba.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake.

"Akakhala chonchi onse apambana," anatero. "Ukangoponya, sudziwa chimene chituluke."

Ndinawaseka, koma ndinawamvetsa kuposa mmene ankaganizira. Tinali titaika ana atatu m'manda, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anafika poyenda. Wachinayi ndi amene anali kumsana kwanga kudoko kuja. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri anamumeta tsitsi, a shehe anapemphera, ndipo anamutcha Fauzia. Ine dzinalo ndinalimva n'kulisunga pansi pa lilime. Sindinalitchulepo. Ndinkamuitana kuti Mlendo, popeza mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ndinkaganiza kuti mwana wosaitanidwa ndi dzina akachoka sakunyamulira mtima wonse. Abale ndi anansi anatengera ine. Nawonso anali atasiya kunditchula ndi dzina la mwana. Poyamba ndinali amake Rashid, kenako amake Zainab, ndipo pambuyo pake anthu anaopa, n'kubwerera kwa Maimuna ngati ndine mtsikana wosakwatiwa.

Tinkakhala choncho. Mmawa ndinkakazinga vitumbuwa n'kupita nazo kumsika, Mlendo ndikumusiya pamphasa m'khonde momwe bambo ake ankakonzera mawailesi. Masana ndinkamupeza wakhuta phala, manja ali bii ndi fumbi, akuyesa kuimirira pogwira mwendo wa tebulo. Ndinkayang'ana kumbali. Ndinkamukonda mwanayo mpaka kuwawa m'chifuwa, ndipo chikondi chimenecho ndi chimene chinkandiopsa.

Amene anasokoneza mtendere wathu ndi a Flossie, mphunzitsi wochokera ku Limbe amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nafe. Anabwera kuno pamene sukulu inakhala yaulere, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo ya mango. Iwo ndi amene anandiperekeza kuchipatala matenda a uchembere atayamba, ndipo munthu wa choko saiwala deti. Madzulo ena ndikusinja mpunga anasuzumira pampanda.

"Achemwali, mukudziwa kuti Loweruka likubwerali mwanayu akwanitsa chaka? Timuphikire keke."

Munsi unandilemera m'manja. Ndinkadziwa bwino lomwe, popeza mpunga unali utachanso m'madambo, koma ndinali nditaletsa mutu wanga kuwerenga. Ndinabisa mantha anga m'nthabwala.

"Keke ya chiyani? Anagwira ntchito yanji iyeyu pobadwa? Amene anatuluka thukuta ndine."

"Ndiye mudye ndinu," anatero a Flossie akuseka.

Ndinawafunsa kuti mwambowu unayamba bwanji, ndipo kandulo amayatsiranji ngati akufuna kuizimitsa pompo. Mphunzitsi wathunthu anakanda m'mutu. Anati ku Limbe amangochita, sanafunsepo.

Ine chinthu ndikapanda kuchimvetsa chimandiyabwa ngati chitedze. Ndinayamba ndi amuna anga. Iwo anati masiku obadwa amene ankawadziwa ndi atatu: la Mtumiki limene timayenda pa ziyala, la Khirisimasi la anzathu a ku Mishoni, ndi lija tinkavinira pabwalo titavala nsalu zofanana, ufune usafune. Onsewo anali a anthu akuluakulu. "Tsopano zinthu zasintha," anatero akuwotcherera waya, "ngakhale osauka aloledwa kubadwa."

Kumsika ndinafunsa amayi anzanga. Wogulitsa tomato anati azungu amawerenga zaka kuti adziwe tsiku lopuma pantchito, ndipo ife a khasu tilibe tsiku loterolo. Wogulitsa mchere anati n'kudzionetsera chabe, kuti anansi adziwe kuti m'nyumbamo muli shuga ndi mazira. A Yakubu, msodzi wokalamba amene ankadya vitumbuwa zanga mmawa uliwonse, anati iwo anabadwa chaka cha dzombe, ndipo akafuna kukondwerera tsiku lawo ayenera kudikira dzombe libwerenso. Mayankho onsewa anandiseketsa, koma palibe limene linandikhutitsa.

Lachinayi a Flossie anabwera ndi mazira m'mbale. Pamenepo nthabwala zinandithera.

"A Flossie, inu simunaikepo mwana m'manda. Kuyatsa kandulo n'kumaimba kuti wakwanitsa chaka kuli ngati kuitana imfa kuti taonani, pano munaiwalapo mmodzi."

Anakhala pamkeka akuyang'ana Mlendo amene ankalimbana ndi chivindikiro cha poto.

"Amayi anga anabereka ana asanu ndi atatu, tinatsala atatu," anatero pambuyo pake. "Mwina anthu anayamba mwambowu chifukwa chomwecho, achemwali. Chaka si aliyense amachimaliza."

Tsiku lomwelo a Useni anabwera kuchokera kugolosale ndi kandulo imodzi, yaitali, ya zija timayatsa palafini akatha, n'kungoiika pawindo. M'zaka zonse za ukwati wathu munthuyu sanandiumirizepo chinthu, ndipo kandulo ija inali kuumiriza kwake konse. Ndinavomera, koma ndinaika malamulo anga: pasaitanidwe anthu, nyimbo isadumphe mpanda, ndipo dzina lisatchulidwe.

Loweruka masana tinaphika keke ija ngati chigumu, mumphika, mchenga wotentha pansi, makala pachivindikiro. Inatuluka yopendekeka, mbali ina yapsa, koma fungo lake linali la ku Limbe ndithu. Tinakhala m'khonde anthu atatu ndi mwana, pakati pa mawailesi otsegula mimba. A Flossie anabaya kandulo pakati pa keke, ndipo inaima ngati mlongoti wa chombo. Anayamba nyimbo yawo ya Chingerezi motsitsa mawu. Nyimboyo ili ndi malo oikapo dzina la mwini tsiku, ndipo atafika pamenepo anandiyang'ana, n'kungong'ung'udza milomo ili chitsekere. Malo opanda dzina aja anandibaya kuposa mmene ndinkayembekezera.

Nyimbo itatha, a Useni anatulutsa chitini chawo kuti aonetse a Flossie dayisi ya mbali makumi awiri. Anachiika m'mphepete mwa tebulo chili chotsegula. Ine ndinalowa m'nyumba kukatenga mpeni.

Ndikutuluka, ndinamva chiphokoso ngati matalala padenga la malata. Mwana anali atakoka nsalu ya patebulo poyesa kuimirira. Chitini chinali pansi chafufumimba, ndipo madayisi onse amene anasonkhanitsidwa zaka ndi zaka osaponyedwa ankagubuduka pasimenti, ena kulowa pansi pa mipando, ena kutsika masitepe. A Useni anaima kukamwa yasa. Kunena zoona, inenso maso anga anathamangira pansi, kufuna kuona kuti atulutsa manambala anji.

Nditadzutsa mutu, mwana anali atakwawa kale mpaka kumapeto kwa khonde. Anakhala tsonga atatifulatira pang'ono, kadayisi kofiira kaja kali pakati pa zala, kakupita kukamwa. Kanali kakang'ono ndithu koti n'kutsamwa nako. Pakati pa ine ndi iye panali tebulo, keke ndi kandulo yoyaka.

"Mlendo, taya!"

Sanacheuke n'komwe. Dzina limenelo ankalimva tsiku lonse kwa aliyense, ngati mmene timamvera mafunde. Kadayisi kanakhudza milomo. Pamenepo sindinaganize kanthu, pakamwa panatseguka pokha.

"Fauzia!"

Dzanja linaima. Mwana anatembenuka, anandiyang'ana modabwa, kenako anamwetulira ndi mano ake anayi. Anatambasula dzanja lija n'kulunjika kwa ine, kadayisi kali pachikhatho, konyowa ndi malovu, ngati munthu wozolowera kubweza zinthu akaitanidwa. Ndinazungulira tebulo, ndinatenga kadayisiko, n'kumunyamula. Mtima wake unkagunda bwinobwino pachifuwa changa, wanga ndi umene unkathamanga.

Mantha atatsika, funso linakwera. Mwana amene sanaitanidwepo ndi dzina walidziwa bwanji? Ndinayang'ana a Flossie, iwo anapukusa mutu. Ndinayang'ana amuna anga. Anali atagwada kale pansi, akutola madayisi mwakhama lokayikitsa.

"A Useni."

"Amatola timisomali ta mawailesi," anatero osadzutsa mutu. "Ndikamuitana choncho amabweza."

"Munayamba liti?"

"Tsiku lomwe anamumeta lija. Mukangotuluka ndi vitumbuwa."

Ndinafuna kukwiya, koma mkwiyo sunapeze pokhala. Chaka chathunthu ine ndikuteteza mwana ku dzina lake, mmawa uliwonse munthu woopa kuponya dayisi ankaliitana m'khonde muno, ndipo mwana ankayankha. Misozi inatsika, ndipo sindinaibise. Ndinayesanso kulitchula, motsitsa tsopano, kuti ndimve mmene limakhalira pakamwa. Fauzia anandigwira mphuno.

A Flossie anakumbutsa kuti kandulo ikudontha pakeke, wina auzire. Ndinawapempha kuti aisiye iyake, ndipo anangoizula n'kuiimika pawindo. Anadula keke, mbali yopsa n'kudzipatsa okha.

A Useni anali atadzaza manja onse awiri. Anayang'ana chitini chili pansi, thonje litatayikira pambali, ndipo ndinadziwa kuti akuganiza za ntchito yotembenuza dayisi iliyonse kuti ibwerere pa madontho ake asanu ndi limodzi. Kenako anakankha thonje lija ndi phazi.

"Amake Fauzia, tandigwirirani chitinichi."

Ndinacheuka kumbuyo kuti ndione amene akuitanidwa. Kunalibe munthu, kunali mawailesi okha. Ndinasamutsira mwana m'chiuno, ndinawerama n'kutola chitini, ndipo amuna anga anatsegula manja. Madayisi anagwera mkati mmene anafunira, akulira pachitsulo, Fauzia akuwomba m'manja kuti abwerezenso.