Mabatani Ofewa

Felesita anali kutong'ola chimanga pakhonde pamene njinga yamoto inaima pabwalo. Anatsikapo Ussene, mwini loja ya mafoni ku Mandimba, fumbi mpaka m'nsidze. Anati wamutuma ndi Vânia, mwana wawo wogwira ntchito ku Cuamba. Wabwera ndi timakina tiwiri tam'manja ta majogo, masewera akale aja a pa kanema, kuti mayi asankhire bambo kamodzi.

"Zidole? Mwanayu ndalama zikumuyabwa eti," anatero Felesita, osasiya chitsononkho.

Bambowo, a Manueli, anali pampando kumapeto kwa khonde, maso ali kumunda wa fodya umene chaka chino sunalimidwe. Chiwagwireni sitiroko, dzanja lawo lamanja linkangokhala pantchafu ngati lobwereka. Namwino ananena kuti zala zikapanda kugwira ntchito miyezi inoyi, zidzaumiratu. Kampira kofinya kamene anawapatsa, eni ake anakaponya kuseri kwa nkhokwe.

Ussene anayala katundu pamphasa. Anatama kwambiri kakakuluko: galasi lowala, majogo zikwi makumi awiri. Kakang'onoko anakatchula monyinyirika, kuti n'kotchipa, majogo ake ndi ochepa, amagula ndi ana asukulu.

"Majogo zikwi makumi awiri, munthu wa chala chimodzi? Nanga moto kamadya bwanji? Kuno ku Ngauma timatchaja pa sola, mvula ikagwa basi."

Ussene anakanda m'mutu n'kuvomera kuti kakakuluko sikafika madzulo.

Felesita anapukuta manja pachitenje. Anadina mabatani a kakakulu ndi kachala kake komaliza, koma anali olimba ngati chimanga chouma. A kakang'ono anangolowa okha. Dzanja la mwamuna wake lija ankalisambitsa yekha m'mawa uliwonse, ndiye mphamvu zake ankazidziwa: chala chachikulu chinkatha kuphwanya nyemba yophika, koma kutong'ola njere imodzi ayi.

Anafunsa ngati muli jogo la anthu awiri omenyana, lija linkaseweredwa m'kanyumba ka kanema pafupi ndi poimira machapa, maminibasi aja, ku Mandimba. Ali mtsikana ankaima panja pa kanyumbako ndi dengu la nsomba za ku Amaramba, dzuwa likumuphika, kudikira chibwenzi chake Manueli kuti amalize kugwetsa anzake. Ussene anafufuza m'kakang'ono muja n'kulipeza. Kanyimbo kowonda kanalira pakhondepo.

"Kakang'onoka katsale," anatero Felesita.

"Ndine mwana ine?" anatero a Manueli, mawu akukoka mbali imodzi. Chicherecho anali asanalankhule.

"Ndani wati n'kanu, bambo a Vânia? N'kanga. Ndinadikira panja mokwanira."

Ussene anaseka, n'kulongedza kakakulu kaja, nanyamuka. Felesita anakhala pansi pafupi ndi mpando, pamene galasi likanaoneka bwino kwa munthu wa pamwamba, n'kuyamba kudina chidinedine. Munthu wake anagwetsedwa. Anayambanso, anagwetsedwanso. Kachitatu anamva mpando ukulira.

"Mumayamba mwadikira adumphe. Kenako mwendo," anatero a Manueli.

"Ine za miyendo sindizidziwa. Chimanga chikundidikira."

Anaimirira n'kusiya kamakinako pantchafu pawo, mbali ya kumanja, kanyimbo kakulirabe. Anabwerera pamphasa, nawafulatira, n'kutola chimanga china. Mulu unali usanafike ndi theka lomwe.

Panapita nthawi. Nkhuku inabwera kudzaba njere, iye osaiingitsa. Kenako kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso ka chibakera cha m'jogo lija, kamodzi. Patapita kanthawi, kenanso.

Felesita sanacheuke. Anapitiriza kutong'ola, koma njere ankaziika m'lichero pang'onopang'ono, kuti zisasokose.