Mphini za Amayi pa Chithunzi

Tsikulo ndinayamba ndi kusesa, ndinatunga madzi, ndinachapa matewera a Chiyamiko, ndinakamangirira mbuzi kudambo. Kenako ndinam'bereka mwanayo n'kukwera njinga yamoto kuchokera ku Dambe kupita kuboma. Mawa lake tinali ndi mapemphero a chiliza cha amayi, ndiye abale anandituma kukakulitsa chithunzi chawo choti chikhale patebulo. Chithunzi cha amayi chinalipo chimodzi basi, mufoni ya amuna anga, ndiye foniyo ndinaitenga. Anawajambula akutong'ola chimanga pakhonde.

Amayi anali ndi mphini kumaso. Osati za mankhwala ayi, zokongoletsa, zomwe anatemedwa ali namwali. Ndili kupulayimale anzanga ankati amayi ako anakandidwa ndi mphaka. Kuyambira pamenepo ndikamayankhula nawo ndinkayang'ana duku kapena manja, osati masaya.

Ku situdiyo ndinapeza wojambula, dzina lake Gilbert, ndi atsikana awiri a mawigi akudikira zithunzi zawo. Nkhope ya amayi itadzaza kompyuta, mmodzi anagunda mnzake ndi chigongono.

"Iii, agogowa analimbana ndi lezala eti?"

Anaseka mpaka kugwirana.

"Achemwali, ndiwayeretse?" anafunsa Gilbert. "Timizere iti ndimachotsa bwinobwino. Atuluka ngati a mtauni."

Ndinayang'ana mapazi anga a fumbi. "Chotsani."

Anadinadina, masaya a amayi anasalala ngati dzira.

"Foni yanuyi yadzaza. Chakalechi ndifufute, ndiikemo chatsopano?"

"Fufutani," ndinatero, pofuna kungotulukamo msanga.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Pabwalo panali patadzaza anthu, azimayi a kutchalitchi akuphika thobwa. Abambo anga, a Zefaniya, anali pampando wawo pakhonde. Ndinagwada n'kuwapatsa chithunzicho mufelemu yake. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachitembenuza mpaka kuseri.

"Amake Chiyamiko, akupatsani cha eni ake."

"Ndi amayi, bambo."

"Chitenjechi n'chawo, ndinagula ndine. Koma mayi uyu sindikumudziwa. Felista wanga ali kuti?"

"Wojambula anangokonza pang'ono."

"Anakonza? Chinawonongeka n'chiyani?"

Azakhali, achemwali awo a abambo, anapukuta manja n'kuyandikira. "Bweretsa foniyo, tiwaonetse chenichenicho."

Ndinafotokoza. Ndinanena kuti wojambula anafunsa kaye, ndipo ndinavomera ndine. Azimayi aja anasiya kutakasa thobwa.

Kulira sikukanabweza kanthu, ndipo kuboma kunali kutali. Ndinakanganula felemu ndi mpeni, galasi linathetheka pakona, ndinabwereka bolopeni yakuda.

"Ndizibwezeretsa," ndinatero.

Ndinaika bolopeni patsaya la amayi, dzanja linaima. Kodi zinali zitatu kapena zinayi? Zinkayambira pansi pa diso kapena cha kukhutu? Mayi amene anandiyamwitsa, amene ndinawasambitsa ndekha akudwala, nkhope yawo sindinkaidziwa.

"Lembatu," anatero azakhali. "Si ndiwe unapita kusukulu?"

Ndinapereka bolopeni kwa abambo, koma manja awo amanjenjemera, ngakhale kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Anaibweza.

"Senderani kuno."

Anapaka chala pa mwaye wa ketulo n'kundigwira chibwano, anthu onse akuona. Chala chinayenda patsaya langa pang'onopang'ono.

"Apa zinayi, zotsika. Ukunso zinayi. Koma yomalizayi inali yokhota, chifukwa anagwedeza mutu lezala litaluma. Ankaibisa ndi dzanja pomwe ndinkamufunsira. Ine ndinkangoyang'ana yomweyo."

Azakhali atandiona kumaso anagwira pakamwa n'kulowa m'khitchini.

Ndinatenga kagalasi kanga kopesera. Ndinkayang'ana nkhope yanga, n'kukopera pa chithunzi mzere umodziumodzi. Nditamaliza ndinawapatsanso abambo. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Yokhotayi mwaiika tsaya lina."

Galasi limatembenuza nkhope, ine sindinaganize. Ndipo inki sifufutika.

"Basi, aikeni patebulo," anatero. "Bola awa ndikuwadziwa."

Pa mapemphero chithunzicho chinakhala pakati pa maluwa. Anthu ankawerama kuchiyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

Kukulitsa chithunzi ndi felemu kunadya ndowa ziwiri za mbatatesi. Njinga yamoto, kupita ndi kubwera, ndowa ina. Galasi la felemu tinataya. Mbuzi ndinaiiwala kudambo, inadula chingwe n'kudya mpiru wa aneba, ndipo ndawalimira dimba kubweza. Bolopeni ndinabweza kwa eni ake. Chithunzi chenicheni cha amayi kulibenso. Chomwe Chiyamiko adzaone akadzakula ndi icho chili pakhoma kwa abambo, chokhala ndi mphini za inki, yokhotayo ili tsaya lolakwika.