Wendell Sankaliza Hutala

Marlys anali kutsuka mbale za anansi, zimene zinabwera ndi chakudya pamaliro a mwamuna wake Wendell, pamene foni inalira. Anapukuta dzanja limodzi n'kuyankha.

Anali dokotala wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mayi uja ankayamba wamukokera mpando asanalankhule.

"Mayi Tollefson, khalani kaye pansi. Mukuikumbuka kompyuta imene inkawerenga ubongo wa bambo, yomwe inati mwayi woti adzuke unali wochepetsetsa?"

Akanaiwala bwanji? Mtsempha utaphulika m'mutu mwa Wendell, kompyutayo ndiyo inkamulondera osaphethira. Madokotala anadalira zonena zake, ndipo Lachinayi Marlys anavomera kuti makina opumira azimitsidwe.

"Tapeza kuti nthawi zina imalakwitsa pa munthu amene ali ndi chitsulo m'chigaza. Anaiphunzitsira pa odwala opanda zitsulo. Bambo anali nako kachitsulo kaja ka ngozi ya kumgodi."

"Ndiye kuti akanadzuka?"

"Ine ndikuona kuti ayi. Magazi anali atawononga pakulu. Koma kulumbira, sindingalumbire."

Madzi anayamba kusefukira m'sinki. Mwana wake Renae analowa n'kutseka mpopi.

"Amayi, mwati tisambire m'khitchini muno? Anali ndani?"

Marlys anaika foni pambali. Renae yemweyu ndiye anamugwira mkono kuchipatala, akulira kuti adikire mpaka Lamlungu. Akamva izi adzapondanso pakhomo pano? Ambuye, ndatsala ndi yekhayu, anapemphera chamumtima. Kenaka anafotokoza zonse, maso ali pamadzi a pansi.

Renae anatenga nsalu, napukuta mbale imodzi, kuitembenuza kuti aone dzina la mwiniwake pa kapepala komata kunsi, natenga ina. Marlys ankangomvera mbale zikugundana, kuopa mawu amene ankabwera.

"Valani jekete," Renae anatero pomaliza. "Tikabweze mbale za eni ake."

M'galaja munali mozizira koopsa. Galimoto inali isanayendepo chigwereni Wendell. Pampando wa Marlys panali kabulangete kofiirira, kopindidwa bwino, kodikira mawondo ake.

Lamlungu lililonse mapemphero akatha, Wendell ankatsogola kukachotsa chipale chofewa pagalasi ndi kutenthetsa galimoto. Marlys ankatsalira m'tchalitchi, kucheza ndi amayi a kwaya mpaka khofi atatha m'ketulo. Amuna ena ankaliza mahutala panja. Wendell ankangokhala, manja pachiwongolero, ndipo mkazi wake akatulukira ankangofunsa kuti, "Mwatsiriza kapena ndidikirebe?"

Renae anakhala pampando wa bambo ake, makiyi ali m'manja, osaliza injini. Patapita nthawi anatambasula kabulangete kaja n'kufunditsa mayi ake, maso ali kutsogolo.

Marlys anagwira mphepete mwa kabulangeteko.

"Wendell," anatero mokweza, "inu munkandidikira. Ndikhululukireni."