Tsiku Limene a Eneless Anaona Bambo Awo Akuthamanga

"Umuuze kuti sindikudziwa," anatero a Eneless, maso ali pa nandolo amene ankatong'ola m'lichero.

Mwana wawo Leonard, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti, anakanda m'mutu. Pambali pake panaima mzimayi wachizungu wovala buluku, nkhope itafiira ndi dzuwa la ku Thyolo. Dzina lake linali Joan. Anachokera ku Scotland kudzafuna manda a agogo ake, Robert Kilgarth, amene ankayang'anira minda ya tiyi dziko lisanalandire ufulu. Kumanda a azungu anali atafufuza mwala ndi mwala osapeza kanthu, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ankabwerera kwawo.

"Mayi, munthuyu wayenda ulendo wautali. Esiteti yonse ikuloza kuno."

"Iziloza. Zala n'zawo."

Kudziwa ankadziwa ndithu. Kilgarthyo, mzungu amene antchito ankamutcha Kamwendo chifukwa chotsimphina, anali bambo awo owabereka. Sanawanyamulepo ngakhale tsiku limodzi. Ankadutsa ndi ndodo yake kunyumba za antchito, n'kuwayang'ana ngati mwana wa eni. Atamwalira ndi malungo m'dzinja, misewu itaduka, antchito anamuika kuseri kwa phiri, ndipo amayi awo a Eneless anabzala tiyi kumutu kwake. Popanda womuthyola, tiyiyo anakula n'kusanduka mtengo. Onse amene anaponya dothi tsiku limenelo anatha, kutsala a Eneless okha ndi mkwiyo wawo, umene ankausunga bwino kuposa mbewu.

Joan sanamve mawuwo, koma kukanidwa anakumva. Anakhala pansi pakhondepo, n'kutulutsa foni, akuyankhula motsitsa.

"Akuti agogo awo anali katswiri wa mpira," anamasulira Leonard. "Ankakumba malasha ali mnyamata, ndiye timu ina ya ku Mangalande inadzawatenga. Apo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, yachiwiri isanayambe. Kenako timu ina inawagula, inanso n'kudzawagula."

"Kuwagula? Anali mbuzi?" A Eneless anaseka monyodola. "Kamwendo kusewera mpira? Munthu wolephera kulumpha ngalande?"

"Si mwati simukuwadziwa, mayi?"

Koma foni ija inali itafika kale pamphuno pa a Eneless. Munali kanema wakale, wopanda mtundu, wonjenjemera. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumwamba, mitu yokhayokha ya zipewa, yothithikana ngati tiyi paphiri. Kenako kunatulukira mnyamata wowonda, wa kabudula wofika m'mawondo, akuthamanga m'mphepete mwa bwalo, mpira utamamatira kuphazi. Anadutsa munthu mmodzi, wachiwiri anakhala pansi m'matope, ndipo iye anaumenya osaima. Zipewa zinaulukira m'mwamba. Wojambula anayandikira nkhope yake, ndipo mnyamatayo ankaseka, mpata wa mano uli poyera, makutu otambalala ngati a Leonard.

A Eneless anaguga asanaonepo munthu ameneyu akuthamanga kapena akuseka. Anazizwa, ndipo anachita mantha pang'ono, poona wakufa akuthamanga ndi miyendo yabwinobwino pachikhatho cha mlendo.

"Bwezanso," anatero chapansipansi.

Joan anabweza. Nkhuku zinafika palichero n'kuyamba kujompha nandolo, koma panalibe woziingitsa.

"Khamu lonseli linkabwera kudzaona iyeyu?"

"Akuti eya, Loweruka lililonse. Ankaimba dzina lawo m'misewu. Kenako bondo linathyoka, timu n'kuwataya. Nkhondo yachiwiri itatha anasiya mkazi ndi mwana wamwamuna, bambo awo a Joanwa, n'kubwera kuno. Sanabwererenso."

"Nayenso anamusiya?"

Leonard anafunsa m'Chingerezi. Joan anagwedeza mutu movomera, akupukuta m'maso.

"Akuti bambo awo anamwalira chaka chatha. Anawapempha kuti adzaone kumene munthuyo anagona, adzalambule ngati kuli tchire."

Mkwiyo wa a Eneless sunathe, ayi. Koma zaka zonsezi ankaganiza kuti anakanidwa chifukwa cha khungu, osadziwa kuti kutsidya kwa nyanja kunali mlongo wawo woyera mbuu, amene nayenso anakula akusuzumira kumsewu.

"Katenge makasu awiri," anauza Leonard.

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Anamuimiritsa Joan, n'kumumanga okha m'chiuno, kukoka mfundo mwamphamvu mpaka mlendoyo anadzandira.

"Umuuze kuti kumanda kwa agogo ake sapita ndi buluku. Akafunsa kuti ndine ndani womulamula, unene kuti ndine azakhali ake."